Chikwangwani cha pa Njira ya Kumanda

Ku Tsanzirani munthu sankafunsa ngati chinthu n'chabwino kapena choipa. Ankangofunsa ngati mnzake ali nacho. Mmodzi akapenta golosale yake, pofika Loweruka msewu wonse unali mtundu womwewo, mpaka zimbudzi. Ndipo anthu a dziko limeneli anali ndi nthenda ina yoposa pamenepo: ankakhulupirira chikwangwani kuposa mayi wowabereka. Mukanalemba pathabwa kuti madzi a m'chitsime chakuti ndi tiyi, m'mawa mwake mukanapeza anthu ali pamzere ndi makapu, ena atagula kale mandasi.

Dzikoli linkalamulidwa ndi Mfumu Ndionereni Wachiwiri, munthu amene nkhope yake inali pa nsalu, pa makalendala, ngakhale pa zivundikiro za mapoto. Chaka chimenecho mfumu inayamba kumva msana. Dokotala wina anati ndi ukalamba komanso kukhalitsa pampando, ndipo anamusamutsira kuchipatala cha kumalire kuti akaphunzire kulankhula. Kenaka mfumu inaitanitsa nduna zake.

Nduna ya Zamipingo, a Mwavomera, anagwada mpaka mimba inakhudza pansi.

"Mfumu yanga, msana wanuwo ndi wa mapemphero," anatero. "Kale Lamulungu lililonse anthu zikwizikwi ankavomera Amen pokupemphererani. Lero m'matchalitchi mwatsala nkhalamba ndi mileme. Anthu ali koonera mpira, ena koonera mafilimu a karate. Nanga msana wa mfumu ungalimbe ndi Amen wa anthu opanda mano?"

"Ndimadziwa ine kuti si ukalamba," inatero mfumu, ndipo nduna zonse zinaomba m'manja.

Tsiku lomwelo linatuluka Lamulo la Chikoka. Mpingo uliwonse unayenera kukhoma chikwangwani chokopa anthu ndi kudzaza mitu yosachepera mazana awiri. Mpingo wolephera utsekedwe, ndipo mpingo wotsekedwa usadalitse ukwati, usabatize mwana, usaimbe maliro. Owerenga mituyo anali a Mwavomera eni ake, ndi kabuku kawo kofiira. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Amene lamuloli linamugwera ngati mvula ya pamunda anali Elifala Kachingwe, wolemba zikwangwani wa mumsika wa Taimani. Kashopu kake kanali kuseri kwa ogulitsa usipa, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ankalemba za ometa tsitsi, za mabutchala ndi mayina a maminibasi. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa zala zimene sopo anazilephera kalekale. Tsopano akatsegula m'mawa ankapeza abusa ali pamzere, masuti ali waliwali, aliyense atakumbatira thabwa lake.

Woyamba anafuna chikwangwani chonga cha pabwalo la mpira: ANGELO 7, ZIWANDA 0. BWERANI MUDZAONE CHIGAWO CHACHIWIRI. Wachiwiri ataona zimenezo anati iye amulembere 9. Wachitatu anafuna mngelo womanga lamba wakuda wa karate, mwendo uli m'mwamba, akumenya Satana theche pachibwano. Wina anabwera ndi za foni: KUMWAMBA NETIWEKI SIDUKA. BANDO YAULERE LAMULUNGU LINO. Panalinso nyimbo ina imene inavuta m'mabala chaka chimenecho, yotchedwa Wandiponda Chala, ya woimba wina wotchedwa Jombo Wakuda. Makwaya anangoikapo dzina la Satana kutsogolo n'kulowa nayo m'tchalitchi. Mawu anasintha pang'ono, koma chiuno chinali chomwecho cha kubala.

Anthu a mumsika ankaonerera zonsezi akugulitsa malonda awo.

"Ine dzana ndinalowa pena pake, ndimayesa ndi pobetchera mpira," anatero mayi wina wa usipa. "Ndinatuluka nditabatizidwa. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndinawina."

"Bola inu," anayankha wakabaza wina. "Ine ndinapita kwa a karate aja. Ndakhala maola atatu kudikira kuti Satana amenyedwe, koma amene anamenyedwa ndi ng'oma basi."

Elifala ankamva, osaseka. Abusawo ankawanyoza mumtima, koma bulashi sinkaima. Ankati penti sasankha thabwa, ndipo akalemba zopusa za eni ake, manja ake ndiwo alemba, osati iye.

Iye mwini ankapemphera ku Mpingo wa Mtendere, kanyumba ka njerwa zosawotcha kuseri kwa chigayo. Chikwangwani chake anachilemba yekha akadali mnyamata. Panali dzina la mpingo, pansi pake mawu oti Mapemphero 9 koloko, basi. Abusa ake anali a Chatsika, bambo wa mawu apansipansi, wa jekete yonyezimira m'zigongono, amene akamalalikira ankaoneka ngati akupepesa.

Lamulungu lina a Mwavomera anatulukira ndi kabuku kawo. Anaima pakhomo, n'kuwerenga ndi chala.

"Makumi awiri ndi atatu. Ndikaphatikiza mphaka ali pawindoyo, makumi awiri ndi anayi." Anatuluka panja n'kuloza chikwangwani. "Ichi chikunena chiyani?"

"Chikunena dzina la mpingo ndi nthawi ya mapemphero, bwana," anayankha Elifala, pakuti anali mkulu wa mpingo.

"Basi? A Kachingwe, munthu wodziwa ntchito ngati inu? Munaona kuti munthu akulowa m'nyumba chifukwa choti mwamuuza zoona? Ndikukupatsani masabata anayi. Ndikadzapezanso mphakayu ali m'gulu la owerengedwa, ndidzakhoma chitseko."

Elifala anabwerera kunyumba. Kunyumbako kunali mkazi wake, aNangondo, amene anali chigonere kuyambira nthawi ya dzinja. Achipatala anali atawabweza ndi mawu aja amene aliyense amawadziwa tanthauzo lake, oti akayesere kunyumba. Mayi ameneyu ndiye ankatsogolera amayi a mpingo pa nyimbo kwa zaka makumi anayi. Panalibe banja m'dera lonselo limene sanaligonere pasiwa, panalibe bokosi limene sanaliperekeze ndi mawu ake.

"Bambo, ndamva kuti akutseka mpingo," anatero aNangondo mwamuna wawo atangokhala pampando.

"Wakuuzani ndani zimenezo?"

"Chadwala ndi chifuwa, makutu ali bwinobwino." Anapumira kaye. "Ine imfa sindikuiopa, ndaiona ikulowa m'makomo ambiri. Chimene ndikuopa ndi kupita chetechete ngati nkhuku yachitopa. Ndaimba maliro a anthu moyo wanga wonse. Anga okha asaimbidwe?"

"Musalankhule choncho, mayi."

"Ndilankhula, nthawi yake ndi ino. Ndikufuna nyimbo ija ya m'buku lathu lakale, yonena za kuwoloka mtsinje. Ayambitse ndi mayi Kalinde. Enawa amaiyamba pamwamba kwambiri, pofika pakati onse atsamwa."

Elifala anagwira dzanja la mkazi wake, limene linali litapepuka ngati phesi, ndipo anachita mantha kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake. Ku Tsanzirani munthu woikidwa popanda nyimbo ankakumbukidwa ndi chinthu chimodzi chokhacho. Ana ankaloza manda ake, akuluakulu ankatsitsa mawu potchula dzina lake.

"Adzaimbidwa," anatero. "Nyimbo yake imeneyo, woyambitsa mayi Kalinde. Ndalonjeza."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake Elifala anabweza abusa onse amene anali pamzere, n'kutenga malata anayi, kuwalumikiza pamodzi. Anaikapo chilichonse chimene ankanyansidwa nacho. Mngelo anamuveka jezi ya nambala teni ndi lamba wa karate, foni kudzanja lamanzere, khadi lofiira kudzanja lamanja. Satana anamujambula akutuluka m'bwalo, mchira uli pakati pa miyendo, atagwira chala chakuphazi. Pamwamba analemba zilembo zotalika ngati mwana wa sitandade wani: LIGI YA CHIPULUMUTSO. KULOWA ULERE. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, n'kuchiyang'ana, n'kulavula. Chinali chikwangwani chonyansa kuposa zonse zimene analembapo, ndipo anadziwa kuti chigwira ntchito.

Chinagwiradi. Lamulungu loyamba anthu anadzaza mpaka pawindo, mphaka uja anasowa pokhala. Lamulungu lachinayi a Mwavomera anawerenga mitu mazana anayi ndi khumi ndi iwiri, n'kugwira Elifala chanza. Elifala anathamangira kunyumba kukauza mkazi wake kuti mpingo wapulumuka, ndipo aNangondo anamwetulira, n'kupempha phala.

Koma walira mvula walira matope. Abusa Chatsika sabata yoyamba anachita mantha poona khamulo. Sabata yachiwiri anagula wezulo. Sabata yachitatu jekete ija inasowa, anabwera atavala zovala zamasewero zonyezimira, n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo azitchedwa Kochi. Bambo amene zaka zonse ankalalikira ngati akupepesa tsopano ankathamanga uku ndi uku paguwa, thukuta kamukamu, akukuwa kuti Satana ali ofusayidi. Ulaliki anaudula zigawo ziwiri, pakati pake anthu n'kumagula zibwente. Kunabwera bandi, kunabwera jenereta, kunabwera masipika aakulu ngati nkhokwe. Sipika ina inkapendama chifukwa pansi sipanali posalala, ndiye anaichirikiza ndi mabuku a nyimbo. Amayi a yunifolomu yoyera, mayi Kalinde ndi anzawo khumi, anauzidwa kuti akhale kumbuyo kwenikweni. Kochi anati amenewo ndi osewera a pabenchi, adzalowa akadzafunika.

Zimenezi Elifala sanawauze aNangondo. Akamufunsa kuti kutchalitchi anaimba nyimbo yanji, ankatchula nyimbo yakale iliyonse imene yabwera m'mutu.

ANangondo anamwalira Lachinayi m'mawa, dzuwa litangofika pakhonde. Masana ake Abusa Chatsika anafika pasiwa, wezulo ali m'khosi. Anakhala pansi, anagwira Elifala dzanja, anapukusa mutu monga mwa mwambo. Kenaka anasendeza mpando.

"Pepani kwambiri, a Kachingwe. Mpingo wataya mzati. Koma pamene pali zovuta pamakhalanso mwayi. Anduna anditumizira uthenga kuti Loweruka adzabwera kudzawerenganso, chifukwa akuti mpingo weniweni umaoneka pamaliro. Ndiye tiwaonetse. Ndapeza lole yonyamula masipika. Inu mutilembere nsalu yaikulu yotsogola: Fainolo ya Mayi Kachingwe."

Elifala anawayang'ana m'maso.

"Abusa, malemuwa anapempha nyimbo imodzi yokha. Ija ya kuwoloka mtsinje. Anati ayambitse mayi Kalinde."

"Aa, nyimbo imene ija ndi yozizira, a Kachingwe. Mavesi asanu, onse okwawa. Anthu adzayamba kuyasamula anduna akuona. Anyamata a bandi akonza kale ina yogwirizana ndi mwambowu, akuti Imfa Wandiponda Chala. Mudzaikonda."

"Mkazi wanga anaimba maliro a mayi anu, abusa. Anagona pasiwa panu masiku atatu, mvula ikugwa."

"Nthawi imeneyo kunalibe lamulo." Abusa anaimirira, n'kukonza wezulo. "Komanso musandiyang'ane ngati ndine ndabweretsa zimenezi. Anthuwa anabwera chifukwa cha chikwangwani, ndipo chikwangwanicho munalemba ndinu."

Mawu amenewo anamulasa Elifala, chifukwa anali oona. Anali atapulumutsa mpingo kuti maliro a mkazi wake aimbidwe, ndipo mpingo umene anaupulumutsawo ndiwo unkakana kuwaimba. Anakwiyira abusa, anakwiyira mfumu ndi msana wake, koma koposa onse anakwiyira zala zake zapenti.

Lachisanu masana anthu anadabwa kuona namfedwa akunyamuka pasiwa n'kulowera kumsika. Ena anati chisoni chamusokoneza mutu. Abusa anawakhazika mtima pansi, anati akukalemba nsalu ya fainolo. Elifala anatseka chitseko cha kashopu kake, ndipo a usipa anamva akukhoma misomali mpaka dzuwa kupendeka.

Loweruka anthu anabwera ngati kuli chisankho. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti wamwalira ndi mwamuna kapena mkazi. Kutsogolo kunali lole ya masipika, jenereta ikulira, bandi ikuimba Imfa Wandiponda Chala. Pambuyo pake Kochi, akuimba wezulo. Kenaka bokosi, litanyamulidwa ndi adzukulu, anyamata okumba manda a m'deralo. Kenaka khamu, likuvina, fumbi lili koboo. A Mwavomera ankayenda m'mbali ndi kabuku kawo, nkhope ili ngwee. Kumapeto kwenikweni kunali amayi khumi ndi mmodzi a yunifolomu yoyera. Elifala atacheuka anaona milomo ya mayi Kalinde ikugwedera, koma mawu awo ankamezedwa ndi masipika.

Abusa anamufunsa kawiri za nsalu ija. Elifala anati ili kutsogolo, aipeza.

Njira ya kumanda ku Taimani imafika pamphambano. Kumanja ndi kumanda, kumanzere ndi msewu wa tala wopita kunyumba yachifumu. Pamphambano pamenepo panali pataima chikwangwani chachikulu, penti akadali kununkha. Pamwamba panali nkhope ya Mfumu Ndionereni, yonenepa bwino, ikumwetulira ndi mano onse. Pansi pake panalembedwa kuti: LERO LOKHA. MFUMU IKUGAWA NSALU NDI MATISHETI KUNYUMBA YACHIFUMU. OYAMBA KUFIKA NDIWO OLANDIRA. Ndipo muvi wofiira, wonenepa ngati mwendo wa munthu, unaloza kumanzere.

Woyamba kuwerenga anali dalaivala wa lole. Sanafunse munthu, anangokhotetsa chiwongolero, lole n'kulowa kumanzere ndi bandi yake yomwe, nyimbo isanathe n'komwe. Amene anali pambuyo pake anaima, anawerenga, anayang'anizana. Mayi wina anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Basitu, liwiro linayambira pamenepo. Amene sankadziwa kuwerenga anathamanga chifukwa anzawo akuthamanga, monga mwa chikhalidwe cha dziko. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti mfumu imene sinagawepo ngakhale singano yayamba liti kugawa nsalu. Zinali zolembedwa pachikwangwani, ndiye zinali zoona.

"Nkhosa zanga zikusochera, ndikazibweze," anatero Abusa Chatsika. Anathamanga mapazi angapo, n'kucheuka. "A Kachingwe, inu mumadziwa za zikwangwani. Matisheti amenewa amakhalapo a saizi yaikulu?"

Abusa sanadikire n'komwe yankho.

A Mwavomera anatsala ataima pakati pa msewu. Mfumu kugawa zinthu iwo osauzidwa, tanthauzo lake linali limodzi lokha: pali nduna ina imene yauzidwa. Koma ntchito ndi ntchito. Anatsegula kabuku, n'kuwerenga otsalawo ndi chala. Amayi khumi ndi mmodzi, adzukulu asanu ndi mmodzi amene mwambo sunkawalola kusiya bokosi panjira, achibale owerengeka, ndi Elifala.

"Makumi awiri ndi atatu," anatero. "Mwabwerera pakale, ndipo lero ngakhale mphaka palibe. Mpingo uno ndautseka. Maliro awa asaimbidwe."

Mayi Kalinde anasendera kutsogolo. Anali mayi wamfupi, wa duku loyera lomangidwa mpaka pazikope.

"Tamva, bwana. Chidindo chili kuti?"

Ku Tsanzirani lamulo lopanda chidindo linali ngati kutsokomola chabe, ndipo a Mwavomera ndiwo anakhazikitsa zimenezo. Anapapasa m'matumba.

"Chili ku ofesi."

"Pitani mukatenge, bwana. Ife sitithawa, mudzatipeza kumandaku."

Ofesiyo inali mbali yomweyo ya kunyumba yachifumu. Anduna anayang'ana bokosi, anayang'ana fumbi la anthu othamanga, n'kukwinya mathalauza m'mwamba. Kuthamanga kwawo simukanati ndi munthu wa mimba imene ija.

Pamphambano panagwa bata. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu Elifala anamva mphepo ikuwomba m'mitengo ya bulugamu. Adzukulu anakonza bokosi pamapewa, n'kukhotera kumanja. Mayi Kalinde anakonza kukhosi, ndipo anaiyamba nyimbo ija pansipansi, pamalo pake penipeni, pamene aNangondo ankaiyambira. Amayi anzawo anailandira. Mabuku analibe, anali akadali pansi pa sipika, koma panalibe amene anaphonya liwu. Anaimba mavesi onse asanu, okwawa omwewo, ndipo atafika kumanda anaibwerezanso. Adzukulu, anyamata amene dzulo lake ankavina Wandiponda Chala, anapezeka akung'ung'udza nawo, chifukwa nyimbo imeneyo anaimva pamaliro a agogo awo.

Elifala anapemphera yekha monga mkulu wa mpingo, pemphero lalifupi. Dothi loyamba litagwera pabokosi analira mokweza, osabisa nkhope. Analira chifukwa mkazi wake wapita, ndipo analiranso chifukwa mtima wake unapepuka. Chimene analonjeza chinali chitachitika.

Kunyumba yachifumu kunali zina. Anthu mazana anayi othamanga anadutsa mumsika, msika wonse n'kuwatsatira. Anadutsa pabwalo la mpira, osewera ndi oimbira omwe n'kusiya mpira pakati. Pofika kuchipata anali zikwi. Mfumu itamva phokoso inayamba yabisala kuseri kwa makatani poyesa kuti zinthu zatembenuka. Itamva kuti akutchula dzina lake inatulukira pakhonde la pamwamba, n'kuona mitu mpaka kumene maso amalekezera. Akuti msana unapola nthawi yomweyo. Nsalu kunalibe, ndiye asilikali anagawa makalendala a chaka chatha, ndipo anthu anamenyanirana mpaka ena kuthyoka mano.

Lolemba apolisi anamutenga Elifala n'kupita naye kubwalo la mfumu. A Mwavomera ndiwo anawerenga mlandu: kulemba chikwangwani chabodza, kugwiritsa ntchito nkhope ya mfumu popanda chilolezo, ndi kuthamangitsa nduna pagulu.

"Ukuvomera kuti unalemba bodza?" inafunsa mfumu.

"Ndikuvomera, mfumu. Koma miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikulemba kuti angelo achinya zigoli zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe amene anandimanga."

"Angelo sanabwere kudzadandaula," inatero mfumu. Kenaka inaweramira kutsogolo. "Tandiuza. Anthu onse aja anabwera chifukwa cha ine?"

"Anabwerera nsalu, mfumu."

"Nsalu za m'dziko muno zimakhala ndi nkhope ya yani?"

"Yanu, mfumu."

"Ndiye anabwerera ine." Mfumu inatsamira pampando, ndipo nduna zinaomba m'manja, a Mwavomera mochedwerapo pang'ono. "Mipingo yonse ya dziko lino yalephera kundipatsa khamu ngati limene lija, iwe wandipatsa ndi thabwa limodzi. Chilango chako ndi ichi: kuyambira lero ndiwe Wolemba Zikwangwani wa Mfumu, mpaka imfa. Uzilemba zimene ndakuuza, ndipo bulashi yako isadzakhudzenso thabwa la munthu wina."

Za Mpingo wa Mtendere, chidindo chinali chitadindidwa kale Loweruka madzulo. Nyumbayo anaisandutsa koonetsera mpira, ndipo a Chatsika anawasiya momwemo kuti azifotokozera anthu mmene masewero akuyendera. Ambiri mwa amene ankapitako Lamulungu sanazindikire kuti pasintha kanthu.

Elifala anapempha chinthu chimodzi, kuti amulole thabwa lomaliza, mtanda wa pamanda a mkazi wake. Mfumu inalola, koma inalamula a Mwavomera kuti amuperekeze, poopa kuti katundu wa boma angathawe.

Anapita m'mawa mwake, awiriwiri. Nkhata za maluwa zinali zitayamba kufota pamtumbira. Elifala anakhala pansi, anaika mtanda pamiyendo, n'kutsegula kachitini ka penti wakuda. Analemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zazing'ono zowongoka zimene anali asanazilembe kwa nthawi yaitali: Esinati Kachingwe, aNangondo. Pansi pake tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Atatero anapukuta bulashi.

A Mwavomera anasuzumira, n'kukwinya nkhope.

"Mwatha? Pansipa patsala malo ambiri, a Kachingwe. Ikanipo kena kachikoka, kaya kamngelo, kaya ka zigoli. Nanga chikwangwani chouma chonchi chingakope ndani?"

Elifala anadzutsa mtandawo, anauzika kumutu kwa manda, n'kupondaponda dothi kuti ulimbe. Kenaka anayang'ana mitumbira imene inandanda mpaka kumitengo, ndi malo amene anali asanakumbidwe.

"Kuno sitikopa munthu, bwana," anatero. "Amabwera okha. Inunso mudzabwera, ndi mfumu yomwe."

Anduna anayang'ana mitumbira ija. Kabuku kofiira kanali m'thumba, koma tsiku limenelo sanawerenge kanthu.